Geni ya ku Nampula ndi anamgumi a ku Ilha

Achemwali, mwafunsa ziwiri: geni ya ku Mozambique imayenda bwanji, komanso ngati chinsomba chimene munachiona pa foni yanga chija n'chenicheni. N'chenicheni ndithu, ndipo ndinachiona pa ulendo wa geni womwewo.

Ndimanyamuka pa boma la Mangochi mbandakucha, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera Chowe, kudutsa Namwera mpaka pa Chiponde. Kutsidya ndi Mandimba. Tengani pasipoti, chifukwa boda pasi ndi ya ogula chapafupi, singakufikitseni ku Nampula. Ndalama ya kumeneko ndi metikali. Osintha adzakuzingani musanatsike n'komwe, koma werengani nokha kawiri, ndipo makwacha anu asachoke m'manja musanagwire zawozo. Ulendo woyamba ine ndinalola wosintha kundiwerengera mothamanga, ndinakatulukira ku Cuamba, tauni ya panjira yopita ku Nampula, kuti zaperewera. Chiyao chimakuyendetsani bwino ku Mandimba, koma kuyandikira Nampula ndi Chimakuwa ndi Chipwitikizi, ndiye manambala awo muwaloweze musananyamuke. Kuchokera ku Cuamba mukwera sitima, kapena minibasi zimene iwo amati chapa.

Ku Nampula ndimapikula zitenje, eni ake amati capulana. Nyowetsani chala, mutikite m'mphepete mwa nsalu: utoto ukatsalira pa chala, isiyeni, amayi a kwathu kuno sabweranso kwa munthu amene anawagulitsa chitenje chosuluka. Risiti iliyonse isungeni, a MRA pa Chiponde amawerengera msonkho pamenepo. Njira zamadulira ndimakana, mpamba wonse umatha tsiku limodzi.

Mchere ndimautsata ku gombe la nyanja yamchere, ku Lumbo, kumene amauyanika m'madamu nyengo ya dzuwa. Uwu ndi katundu wolemera, timasonkherana lole anthu angapo, ndipo uyenera kukhala wa ayodini, apo ayi sulowa m'Malawi. Kudikira kuti matumba akwane kumatenga masiku. M'masiku amenewo, mwezi wa Ogasiti, bambo amene amandigulitsa mchere anati: “Mayi, mwabwera nthawi yabwino, mlamu wanga ali ndi boti ku Ilha, kaoneni alendo athu.”

Ndinawoloka mlatho wautali makilomita oposa 3, wopapatiza, kufika pa chilumba cha Ilha de Moçambique, chimene chinali likulu la Apwitikizi asanasamukire kumwera. Tinakwera boti m'mawa, anthu asanu ndi atatu, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Ine ndine mwana wa m'nyanja, mwera ndimaudziwa, koma mafunde a kumeneko ndi ena. Sakumenya, amakunyamula pang'onopang'ono n'kukutsitsa, m'mimba mumvekere kutembenuka. Musadye zamafuta.

Tinayenda nthawi yaitali osaona kanthu. Kenaka woyendetsa analoza patali. Ndinaona ngati kautsi kakutuluka pamadzi, mtima wanga n'kuti ndi nkhungu zathu zija. Unali mpweya wa namgumi. Anachepetsa injini, kenaka n'kuizimitsa, natiuza kuti tikhale pansi, chifukwa mayi amene ali ndi mwana samuthamangitsa ndiponso samudulira kutsogolo. Tinadikira phee. Msana wakuda unatumphuka, wonyezimira, wautali kuposa boti lathu, pambali pake kamsana kena. Kupuma kwake ndinakumva ndi makutu angawa, fuuu, ngati thayala la lole likuphwa. Pomira anatukula mchira, kunsi kwake koyera, madzi akuchucha. Ndinapezeka ndagwira dzanja la mayi wina amene sitinkamvana chilankhulo.

Si nsomba monga timanenera. Amapuma mpweya ngati ife, amabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Awa ndi a mtundu wa linunda, wamkulu amafika mamita 15, ndipo mwana amabadwa ali kale ndi mamita 4. Amachokera ku madzi ozizira a ku Antarctica kudzaberekera kofunda kuno, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala. Ali kuno sadya kwenikweni, mayi amayamwitsa ndi mafuta amene anasunga m'thupi. Zimenezi zinandikhudza kwambiri, ndinakumbukira ana anga amene ndinawasiya ndi agogo awo ku Mpondasi.

Ya botiyo ndinalipira kuchokera pa phindu la ulendo wapitawo, osati pa mpamba. Ichi muchigwire, achemwali: ya katundu, ya thiransipoti ndi msonkho, ndi ya inu mwini, zikhale m'timatumba tosiyana. Mtengo mugwirizane muli pamtunda, ndipo boti lopanda majekete musakwere ngakhale atsitse bwanji.

Ndikupitanso kumayambiriro a Seputembala, mu lole muli malo a matumba a munthu mmodzi. Pasipoti yanu ikakhala yatuluka, tipitire limodzi, ndikakuonetseni kogula, ndipo tsiku lodikira mchere tikakwere boti lija.