Za mankhwala ochedwetsa msambo aja

Asisi, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti ukwati wa mng'ono wanu watsala sabata zitatu ndipo masiku anu akumwezi agwera pompo, koma ku surgery (chipatala cha dokotala wa m'dera, amene timati GP) akungokuzungulitsani pa nkhani ya mankhwala ochedwetsa msambo. Pepani kwambiri, zimawawa. Inenso chaka chatha ndinadutsamo, kuimba foni 8 koloko m'mawa kumangomva kuti ndinu nambala 23 pamzere, foni pakhutu uku ndikuveka mwana yunifomu, atayankha mayi wa pa risepishoni akuti malo atha muimbenso mawa. Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndilembe fomu pa intaneti, yankho linabwera pa meseji loti mankhwalawa salemba ngati ndi za ulendo kapena mwambo. Ndinalira ndithu.

Pambuyo pake ndinamva kuti si ine ndekha. Ma surgery ambiri kuno ku UK amatenga nkhaniyi ngati si matenda, ndiye safuna kuti NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ilipire, ndiye musataye masiku mukulimbana ndi foniyo. Pitani ku famasi, ena ali ndi wazamankhwala wololedwa kulembera yekha, kapena pa intaneti mashopu a mankhwala a Boots ndi Superdrug ali ndi madokotala awo, mumayankha mafunso, akaona kuti zili bwino mumakatenga pa shopu kapena amakutumizirani. Mumalipira nokha, koma ku England ngakhale GP atakulemberani mukanalipirabe £9.90, kwaulere ndi ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland.

Dzina lake ndi norethisterone, pabokosi pena palembedwa Utovlan. Piritsi la 5mg katatu patsiku, kuyamba kutatsala masiku 3 kuti msambo uyambe, ndipo ambiri amapereka okwana masiku 17 basi. Mukasiya, msambo umabwera pakapita masiku awiri kapena atatu. Mukachedwa kuyamba sagwira bwino, ndiye werengani masiku anu lero lomwe. Komanso si akulera awa, mimba mutha kutenga muli pa mankhwalawo, ndipo ngati mukukayika kuti mwina muli ndi pakati yezani kaye.

Tsopano apa ndipamene ndikufuna mundimvetse. Mafunso aja a pa fomu musaname chifukwa chofuna kuti akupatseni msanga. Mankhwalawa m'thupi ena amasanduka homoni yotchedwa estrogen, ndiye amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Ngati magazi anakuundanipo m'mwendo kapena m'mapapo, kaya zinachitikira mayi anu kapena mchemwali wanu, ngati mumasuta, muli ndi thupi lalikulu, BP yokwera, vuto la chiwindi, kapena mutu waching'alang'ala uja woyamba ndi kuona nyenyezi m'maso, nenani zonse. Simunanene ngati kuukwatiko mukwera ndege, koma ulendo wopitirira maola 4 mutangokhala umawonjezeranso chiopsezocho. Ine anandiyeza BP ndi kulemera kwa thupi pa famasi pompo, mphindi khumi zokha. Pa ndege ndinavala masokosi othina aja ndikumadzuka kuyenda pafupipafupi. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kapena kubanika ndi kuwawa pachifuwa, imbani 999 osadikira.

Akakukanizani norethisterone pa zifukwa zimenezi, apo ndiye bwererani kwa GP ndipo pa fomu mulembe momveka kuti famasi yakana chifukwa cha thanzi langa, ndikufuna kulankhula ndi dokotala za medroxyprogesterone, ena amaidziwa kuti Provera. Madokotala ena amalembera imeneyo kwa omwe ali pachiopsezo cha kuundana magazi. Ndipo ngati msambo wanu umakhala wambiri kapena wopweteka moti mumalephera kugwira ntchito, nenani zimenezo poyamba, amenewo ndi matenda ndipo akuyenera kukuonani.

Ngati mukumwa kale mapiritsi akulera a mahomoni awiri aja, a masiku 21, mwina simukufunikanso china, mumangoyamba paketi ina osapuma sabata ija, koma funsani wa famasi aone mtundu wanu chifukwa a homoni imodzi satero.

Ine mapiritsi a norethisterone aja anandigwirira ntchito, kungoti mimba inkafufuma, mabere kuwawa, ndipo tsiku la 10 ndinaona timadontho pang'ono, ndiye kapadi kakang'ono musakasiye m'chikwama tsiku la ukwatilo. Chonde musalandire otsala a mnzanu, pitani mawa lomwe akakuyezeni.