Kwa achimwene ofunsa za ulendo wa ski wokakonza kanyumba ka alonda a moto

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayambe kulemba. Mwati anzanu a kuntchito ku Seattle, kuno ku America, akukuitanani mu Malichi kuti mukwere phiri pa ski (timatabwa titalitali tomangirira kumapazi toyendera pa sinowo), mukagone m'kanyumba kakale ka alonda a moto pamwamba pake, n'kukathandiza kukakonza. Mwatinso ski munaikwerapo kanayi kokha ku Snoqualmie Pass, kumene makina amakukwezani inu n'kumangotsetsereka. Ndiye mukufunsa ngati mupite. Kukanyumbako pitani ndithu, ntchitoyo ndi yabwino ndipo manja ndi ochepa. Koma musapite mu Malichi, ndipo chaka chino musapite pa ski. Ndifotokoza chifukwa chake, poti inenso ndimakwera mapiri omwewa nyengo zonse ziwiri.

Ndiyambe ndi tinyumbato, popeza ena m'gulu muno mwina simunationepo. Mu Ogasiti 1910 moto wolusa unapsereza nkhalango yoposa mahekitala 1 miliyoni ku Idaho, Montana ndi mbali ina ya Washington m'masiku awiri okha, n'kupha anthu oposa 80, ambiri mwa iwo ozimitsa moto. Nthambi ya boma yoona za nkhalango, Forest Service, inali idakali yaing'ono, poti inakhazikitsidwa mu 1905, ndipo moto umenewu unaisiyira mantha aakulu. Kuchokera pamenepo anayamba kuika alonda pansonga za mapiri kuti utsi uzioneka usanakule. Tinyumba tambiri tinamangidwa m'zaka za m'ma 1930, tina ndi anyamata a Civilian Conservation Corps amene boma linawalemba ntchito pa nthawi ya mavuto a zachuma. Mtundu wofala kuno amautcha L-4: chipinda chimodzi, mamita anayi ndi pang'ono mbali iliyonse, mawindo kuzungulira konse, pakati pali chipangizo cha Osborne chimene mlonda ankalozera nacho komwe kukufuka utsi. Ndege ndi makamera zitabwera, alonda ambiri anachotsedwa, ndipo tinyumba tochuluka boma lomwelo linatigwetsa kapena kutitentha. M'chigawo cha Washington munali malo oterewa oposa 600. Lero otsala sakwana 100.

Totsalato tili moyo chifukwa cha anthu ongodzipereka. Ka ku Park Butte, moyang'anizana ndi Mount Baker, kanamangidwa mu 1932 ndipo amakasamalira ndi a Skagit Alpine Club. Ka ku Winchester Mountain, ka mu 1935, kali m'manja mwa a Mount Baker Club. Ka pa Mount Pilchuck anakakonza ndi a Mountaineers a ku Everett. Amene munakwerako ku Mulanje n'kugona ku Chambe kapena ku Thuchila mukuudziwa mtima wake: nyumba ya paphiri imene munthu amaipeza yotseguka chifukwa pali ena osawadziwa amene anasenza matabwa n'kukhoma denga.

Tsono kukonza kwenikweni kumachitika liti? Kuyambira chakumapeto kwa Julayi mpaka Sepitembala, sinowo atasungunuka m'njira. Ntchito yake ndi kupala penti yakale n'kupaka ina, kusintha magalasi osweka, kuchotsa timatabwa towola ta padenga, kukunga mawaya amene amagwira nyumba kuti mphepo isaitenge, ndi kuona ngati waya wamkuwa wotsitsira mphezi pansi sanaduke. Zonsezi zimafuna thabwa louma ndi zala zomva. Penti sigwira pathabwa lozizira ndi lonyowa. Galasi simungaliike mutavala magolovesi okhuthala mphepo ikukukankhani. Mu Malichi maziko a nyumba amakhala atakwiririka, nthawi zina mpaka m'mawindo. Kumbukirani kuti dera la Mount Baker ndi limene linagwa sinowo wokwana pafupifupi mamita 29 m'nyengo imodzi ya 1998 mpaka 1999, woposa wina aliyense amene anayezedwapo padziko m'nyengo imodzi.

Chinanso, kumalo amene lamulo la 1964 linawapatula kuti akhale tchire losakhudzidwa, makina ndi oletsedwa, moti sowo ndi ya pamanja ndipo katundu ndi wa pamsana. Zimenezi si zachibwana. Kanyumba ka pa Green Mountain, kufupi ndi Darrington, atakakonza mothandizidwa ndi helikopita, bungwe la Wilderness Watch linakasuma, khoti linalamula mu 2012 kuti kachotsedwe, ndipo kanapulumuka chifukwa nyumba ya malamulo ya dziko lino inachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2014. Ndiye munthu sangangonyamuka ndi hamala kukakhoma zimene wafuna. Funsani anzanuwo kuti ntchitoyo waituma ndani, ndipo bungwe losamalira kanyumbako likudziwa kapena ayi.

Sindikunena kuti a ski alibe gawo. Alipo, ndipo gawo lawo ndi lofunika ngakhale ndi laling'ono. Amachotsa sinowo pakhomo ndi pakhonde, amatseka chitseko cha windo chimene mphepo yatsegula, amasesa sinowo wolowa m'kati asanasungunuke n'kuwoletsa pansi, amajambula zoonongeka n'kutumiza kwa osamalira kuti akonzekere zipangizo za m'chilimwe. Nthawi zambiri ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Ulendo wokafika kumeneko ndi umene uli nkhani.

Ski ya kutchire ndi yosiyana kwambiri ndi imene mukuidziwa. Pokwera mumamata kunsi kwa ski nsalu zaubweya zimene amazitcha ma skins, zimene zimalola ski kupita kutsogolo koma osabwerera m'mbuyo, chidendene chili chomasuka, ndipo mumakwera ndi miyendo yanu maola anayi, asanu, chikwama chili kumsana. Pamwamba mumachotsa ma skins, kumanga chidendene, n'kutsika pa sinowo amene palibe thirakitala yamusalaza. Sinowo wa mapiri a Cascades ndi wolemera ndi wonyowa. Pena pamwamba pali kachikhakha kouma kamene kamakuthyokerani pansi pa mapazi, pena ski imamira ngati mwaponda m'dambo. Munthu wokwera kanayi amagwa kambirimbiri, ndipo kudzuka ndi chikwama cholemera mu sinowo wofika m'chiuno kumamaliza mphamvu msanga kuposa kukwera kumene. Msewu wopita poyambira njira nawo sachotsamo sinowo nthawi yozizira, choncho ulendo umene m'chilimwe ndi wa makilomita 12 kupita ndi kubwera, monga wa ku Park Butte, umatalika ndithu.

Koma kutopa si kumene kukundilembetsa zonsezi. Ndi avalanche. Amene tinakula tikumva za napolo wa ku Zomba kapena wa ku Phalombe mu 1991 tikudziwa kuti phiri limatha kugumuka. Uyu ndi napolo wa sinowo, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti nthawi zambiri amene amamudzutsa ndi munthu yemweyo amene akukokoloka, kapena mnzake wa paulendo womwewo. Sinowo amagwa m'magawo, lina pamwamba pa linzake, ndipo gawo lina lapansi likakhala lofooka, kulemera kwa munthu mmodzi kumatha kung'amba chigamba chonse cha phiri n'kuyamba kuyenda. Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi okoma kutsikapo pa ski. M'dziko lino anthu pakati pa 25 ndi 30 amafa motere m'nyengo imodzi yozizira. Wokwiririka akafukulidwa mphindi 15 zisanathe nthawi zambiri amakhala moyo, koma ikadutsa theka la ola mwayi umachepa kwambiri. Ndiye opulumutsa a kutauni safika pa nthawi yake. Wokufukulani ndi mnzanu amene muli naye, ndipo inunso ndi amene mudzafukule iye. N'chifukwa chake aliyense amanyamula beacon (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro kuti wokwiririka apezeke), ndodo yaitali yofufuzira pansi pa sinowo, ndi fosholo, ndipo amayenera kudziwa kuzigwiritsa ntchito manja akunjenjemera. Ngati anzanuwo akuti adzangokubwerekani beacon m'mawa wa ulendo, dziwani kuti nawonso akudziika pangozi, chifukwa akakwiririka iwo inu simudzawapeza.

Ndipo tinyumbati anatimanga dala pansonga kuti mlonda aone kutali, osaganizira woyenda nthawi yozizira, poti mlonda ankatsika sinowo asanayambe. Njira ya ku Hidden Lake, kuchokera ku Marblemount, imadutsa m'chigwa cha Sibley Creek chimene sinowo amagumukiramo chaka ndi chaka. Ya ku Winchester nayo imadutsa m'malo otsetsereka oterowo.

Pali chinthu china chimene ndinachiona ndi maso anga, ndipo ndi chimene ndikufuna muchimve kuposa zonse. Chaka china mu Epulo tinanyamuka anthu atatu kukatseka chitseko cha windo chimene ena ananena kuti chamasuka pa kanyumba kena. Tinayamba kukwera usiku ndi matochi a pamutu, sinowo ali gwa, ndipo tinapangana kuti 11 koloko ikamakwana tikhale tayamba kutsika, dzuwa lisanafewetse mbali ya phiri yoyang'ana kum'mwera. Titafika tinapeza kuti amene anagonamo ife tisanabwere sanakoke bwino chitseko cha pakhomo. Sinowo anali atalowa mpaka pabedi, buku losaina alendo lili chinyowere. Mtima unatipweteka. Tinayamba kufosholera kunja, kusesa m'makona, kupukuta, kenako kukonza windo lija. Nthawi ya pangano itakwana tonse tinaiona, koma palibe anafuna kusiya nyumba ili choncho. Wina anati timalize kona iyi yokha. Tinatseka chitseko itadutsa 2 koloko masana.

Potsika, sinowo anali atasanduka phala. Timibulu ta sinowo tinkagubuduka tokha kuchokera m'miyala. Mnzathu wa patsogolo atangokhota kachiwiri, sinowo wa pansi pa ski zake anayamba kuyenda, poyamba ngati mphasa imodzi, kenako n'kumatola wina m'njira mpaka anadzaza khwawa lonse, n'kudutsa ndendende pamene tinaponda m'mawa pokwera. Iye anatsala chiimire pamwamba pake, mwa chisomo chokha. Tinabwerera pamtunda, kudikira mthunzi ufike sinowo aumenso, ndipo pagalimoto tinafika mdima uli bii. Tonse atatu tinali titaphunzira za avalanche. Chimene chinatichedwetsa chinali ntchito yabwino ija. Munthu wongopita kukasangalala akaona kuti nyengo yaipa amabwerera mosavuta. Koma amene walonjeza, wanyamula zomangira ndi misomali, ndipo akudziwa kuti anthu akudikira zithunzi za windo lokonzedwa, amapeza zifukwa zopitirira. Inu monga mlendo pagulupo zidzakuvutani kwambiri kunena kuti tiyeni tibwerere, makamaka ife amene tinaleredwa kuti mlendo satsutsa eni ulendo.

Musaganizenso kuti kukhala ndi akatswiri ndiye chitetezo chokwanira. Pa 19 Febuluwale 2012 ku Tunnel Creek, kuseri kwa malo okwerera ski a Stevens Pass, avalanche inapha anthu atatu pagulu lalikulu la odziwa ski kwambiri, ena mwa iwo eni dera lomwelo. Pagulu lalikulu aliyense amayesa kuti wina waganiza kale za ngozi.

Ndiye chitani izi. Nyengo ino pitirizani kukwera ski kumene kuli makina mpaka muzitsika malo ovuta osagwa, ngakhale tsiku limene sinowo sanasalazidwe. A Northwest Avalanche Center amatulutsa tsiku lililonse nthawi yozizira kalosera wa ngozi m'magawo asanu, ndipo kuwerenga ndi kwaulere. Yambani kumuwerenga m'mawa uliwonse ngakhale simukupita kulikonse, muzolowere chinenero chake. Mudzaona kuti gawo lachitatu, limene likuoneka ngati lapakatikati, ndi limene anthu ambiri amaferapo, chifukwa pa lachinayi ndi lachisanu ambiri amakhala kunyumba. Amachititsanso maphunziro oyambira aulere, ndipo mukatero lembetsani kosi ya masiku atatu ya AIARE, bungwe lophunzitsa za avalanche, imene amakuphunzitsani kufufuza ndi kufukula pa sinowo weniweni. Ndalama yake ndi yomveka m'thumba, koma ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa ski ndi nsapato zake.

Anzanuwo auzeni mosabisa kuti mwakwera kanayi. Ngati ali anthu odziwa phiri, iwo eni adzakuuzani kuti mudikire, ndipo mwina adzakutengani kaye kumalo athyathyathya kuti muyesere ma skins. Akakakamira kuti palibe vuto, ulendo umenewo usiyeni.

Za kanyumbako, lembani kalata kwa bungwe limene limakasamalira, muwauze kuti muli ndi manja ndi msana. M'chilimwe safuna luso la ski, amafuna munthu woti asenze chitini cha penti makilomita asanu ndi limodzi kukwera phiri, n'kukhala tsiku lonse akupala thabwa. Mwanena mu funso lanu kuti bambo anu anali kalipentala ku Ndirande ndipo munakula mukuwagwirira matabwa. Luso limenelo likusowa kwambiri kumeneko, chifukwa mafelemu a mawindo akale aja sagulitsa m'sitolo, amachita kukonzedwa ndi manja limodzilimodzi. Ine ndikhala ndikukwera mu Ogasiti ngati njira idzakhale itatseguka, ndipo m'galimoto muli malo. Mudzatenge nsapato zolimba, chovala chamvula, madzi okwanira poti pansonga palibe kasupe, ndi magolovesi anu ogwirira ntchito. Ndilembereni ku inbox tikayandikira Julayi kuti tipangane tsiku.