Tifunseni za Sukulu: Makalasi ndinakhoza, koma kafukufuku wandikanika

FUNSO

Zikomo amayi. Ine ndine mlangizi wa zausodzi kuno ku Salima, mayi wa ana awiri. Ndikuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina m'dziko mommuno, ndipo fizi ndikulipira ndekha ndi ngongole ya ku SACCO. Makalasi onse ndinakhoza bwino, koma chifikireni pa kafukufuku palibe chikuyenda. Mutu wanga ndi wa mmene kusintha kwa nyengo kwakhudzira asodzi a m'nyanja ya Malawi. Pulopozo, pepala lofotokoza mmene ndidzachitire kafukufukuyo, yangokhalira kubwezedwa. A supavaiza sayankha. Ndikawalembera pa WhatsApp zimaonetsa kuti awerenga, basi zii. Anzanga ena amene tinayambira limodzi avala kale gauni. Bambo a kunyumba ayamba kufunsa kuti sukulu imeneyi idzatha liti. Kodi ndisinthe supavaiza, kapena ndingoisiya?

Wotopa, Salima

YANKHO

Achemwali, musaisiye. Za kusintha supavaiza tiyeni tiziike kaye pambali, tibwererako. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanuyi ndi mutu wa kafukufukuwo.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500. Msodzi wa ku Karonga, wa ku Likoma, wa ku Chia ndi wa ku Malembo sapha nsomba zofanana, sagwiritsa ntchito zida zofanana, ngakhale mphepo siwavuta mofanana. Kusintha kwa nyengo nako akatswiri amakuyeza poona zaka 30 kapena kuposerapo. Inu muli ndi malipiro a m'boma, ngongole, ana awiri ndi miyezi yowerengeka. Mukudziwa bwino kuposa ine kuti chilimira chimodzi sichingazinge nyanja yonse. Ndikanakhala m'komiti yoona pulopozo yanu, nanenso ndikanaibweza, chifukwa kukulolani kupita nayo kumadoko kukanakhala kukutayani.

Ophunzira ambiri amene ndawayang'anirapo amabwera ndi mutu womveka ngati wa pamsonkhano wa kuhotela. Amaopa kuti mutu waung'ono uwachepetsa. Koma digiri yachiwiri imangofuna funso limodzi limene munthu mmodzi angaliyankhe mpaka kumapeto, n'kuonetsa poyera njira imene wadutsa kuti wina akafuna aitsate.

Tsono yang'anani pamene mumaponda tsiku ndi tsiku. Amayi oyanika usipa pathandala mumawadziwa mayina. Mumawaona m'dzinja, mitambo ikayamba kuda, akuthamanga ndi mapepala apulasitiki, wina akuwola usipa wosauma n'kuuthira m'beseni, mwana akulira kumbuyo. Usipa ukanyowa umachita fungo, umafumbutuka, ndipo chigoba chimene mayi anagula mtengo wabwino m'mawa chimakathera kwa opanga chakudya cha nkhuku. Funso ndi limeneli: pa zigoba 10 zimene mayi wagula padoko, ndi zingati zimafika kumsika zili bwino, m'dzinja ndi m'chilimwe? Wofutsa ndi wongoyanika, amataya kwambiri ndani? Nanga amene amaumitsira m'matenti a dzuwa aja anayesedwa m'madoko ena a ku Salima konkuno? Sankhani madoko awiri, mukalimba mtima atatu. Mvula ilimobe m'funso limeneli, kotero zimene munawerenga kale za nyengo sizipita pachabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano muli ndi chinthu choyeza pasikelo. Sindikuti mutenge mutu womwewu ayi, mwina muli ndi wina wokukomerani, koma ukhale wa msinkhu umenewu.

Mutu ukachepa, tengani kalendala. Ya kusukulu muli nayo kale; ine ndikunena ya kunyanja. Ku chilumba cha Mbenji amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene wakhalapo kuyambira m'ma 1950 pansi pa ufumu wa Makanjira, ndipo m'miyezi imeneyo asodzi amachokako onse. Mwera ukalimba m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mabwato amatha masiku ali pamtunda. Mwezi ukawala, usipa subwera kunyali. Wophunzira amene walemba m'pulopozo kuti adzatolera deta yonse m'sabata ziwiri, osaona kuti sabatazo zagwera pati, amakapeza doko lili mbee, ndalama ya mafuta itapita. Ndipo ngati mukufuna kuyerekeza dzinja ndi chilimwe, mukaphonya mvula ya chaka chino mwadikira chaka chathunthu.

Musanafunse munthu funso ngakhale limodzi, pamafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Mayunivesite athu ali ndi makomiti otere, ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology lili nayonso yake. Komiti imakhala pa masiku ake, osati pa tsiku limene inu mwafuna, ndipo kawirikawiri imabweza pepala kuti mukonze zina. Ikatero pamabwera kalata ya kwa bwanamkubwa, kukaonekera kwa amfumu, ndi kukhala pansi ndi komiti ya padoko. Deta yotoleredwa chilolezo chisanatuluke sukulu ikhoza kuikana yonse. Choncho ikani chala pamwezi umene mukufuna kukhala padoko ndi sikelo, muwerenge chobwerera m'mbuyo. Mudzaona nokha tsiku limene pulopozo iyenera kukhala itachoka m'manja mwanu.

Pali china chimene ambiri a ntchito yanu amaiwala. Kwa anthu a padoko inu ndinu boma. Ofesi yanu ndi yomwe ija imabwera kudzalanda maneti a udzudzu. Mukafika pa njinga yamoto ya kuofesi n'kutulutsa pepala la mafunso, mayi uja ayankha zimene akuganiza kuti boma likufuna kumva, kapena achulukitsa zotayika poyembekeza kuti kukubwera thandizo. Nenani poyera kuti lero mwabwera ngati mwana wasukulu, kuti dzina lake sililembedwa, kuti palibe cholowa, ndiponso kuti akhoza kukana. Ngati n'kotheka pitani kumadoko amene simugwirako ntchito, kapena mafunso ena afunse wokuthandizani. Nkhani imeneyi mudzailembenso m'thesis momwe, lipoti lomaliza la kafukufuku wanu. Oyesa mayeso amalemekeza wophunzira amene waona yekha pamene deta yake ingapendekere.

Tibwere kwa a supavaiza. Sindikuwaikira kumbuyo, kusayankha wophunzira n'kulakwa. Koma ndikuuzeni mmene uthenga wanu umaonekera ukafika kwa iwo. Munthu watuluka m'kalasi ya ana mazanamazana, patebulo pali mulu wa mapepala oti achonge, ophunzira a kafukufuku ali nawo angapo, ndiye foni ikulira: "Mwaswera bwanji adokotala, ndimati ndimve za pepala langa lija." Pepala liti? Lotumizidwa liti? Kuti ayankhe ayenera kulifufuza, kuliwerenga lonse masamba 40, n'kukumbukira zimene ananena ulendo watha. Amati ndiyankha madzulo, madzulowo osafika.

Alembereni imelo, osati WhatsApp. Pamwamba dzina lanu ndi chimene mwatumiza. M'katimo masamba awiri okha: funso latsopano lija, madoko amene mwasankha, mmene mudzayezere, ndi kalendala. Pansi pake mafunso awiri kapena atatu oti akhoza kuyankha ndi inde kapena ayi. Mumalize ndi kupempha mphindi 20 pa tsiku limene mwalitchula, n'kuwapatsa lina loti asankhepo. WhatsApp ikhale yongowadziwitsa kuti mwatumiza imelo. Ndipo kamodzi kokha kwerani basi mukaonane nawo maso ndi maso. Ngati sukulu yanu ili ku Lilongwe, ndi ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ngati ili ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, konzani kogona, ndalama imeneyo siyotaya. Mukatuluka mu ofesimo, tsiku lomwelo lembani zimene mwagwirizana n'kuwatumizira. Zimawakumbutsa, komanso zimakutetezani tsiku limene adzanene zosiyana ndi za lero.

Mukachita zonsezi koma mwezi n'kutha, wachiwiri n'kuyamba kuli chete, pitani kwa amene amayang'anira maphunziro a digiri yachiwiri m'dipatimenti yanu, maimelo aja ali m'manja. Musakadandaule za khalidwe la munthu. Kanenani kuti nyengo ya usipa ikudutsa ndipo mukufuna thandizo. Ine ndimalangiza kupempha supavaiza wachiwiri m'malo mochotsa woyambayo. Dziko lathu ndi laling'ono, akatswiri a nsomba ndi owerengeka, ndipo amene mwamukana lero mudzamupeza pa intavyu mawa. Pomwepo funsani buku la malamulo a pulogalamu yanu, muone zaka zimene amalola munthu kukhala m'kaundula, ndi ndalama zimene amalipiritsa nthawi ikapitirira. Ambiri amadzazidziwa izi kalata itabwera kale.

Bambo a kunyumba sakulakwa kufunsa. Ngongoleyo ikudya pakhomo ponse. Chimene chimatopetsa a pabanja ndi yankho lakuti "posachedwapa". Aonetseni kalendala ija, muwauze mwezi umene mukuyembekeza kupereka thesis, ndipo mupemphe chinthu chooneka, monga kuti Loweruka m'mawa ana akhale m'manja mwawo. Kulemba kwenikweni kuchitike m'bandakucha. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala mukukudziwa, masana mutu sugwira, madzulo mwatopa ndi fumbi la kumadoko. Ola limodzi ana asanadzuke, tsiku lililonse, limaposa tchuthi cha sabata imene mumangoilonjeza. Chilichonse mwalemba dzitumizireni pa imelo kapena muike pa Google Drive tsiku lomwelo, chifukwa laputopu imabedwa, imagwa, imapsa magetsi akabwera mwamphamvu.

Za mabuku musavutike kugula. Funsani kulaibulale ya sukulu yanu akupatseni polowera pa Research4Life, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za kafukufuku. Mbali yake yotchedwa AGORA ili ndi magazini a kafukufuku wa zaulimi ndi zausodzi, ndipo masukulu a ku Malawi amawerenga osalipira. Ikani pulogalamu ya Zotero pa laputopu, ndi yaulere, izikusungirani zonse mwawerenga. Komanso muli ndi mwayi umene anzanu a m'tauni alibe: malo a kafukufuku wa nsomba a ku Senga Bay ali pakhomo panu. Kapezeni anthu a kumeneko muwafunse zimene zinayezedwa kale.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa sekondale ku Nkhotakota, ndikuchita digiri yachiwiri ya zamaphunziro. Deta ndatolera, koma masamu a SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta, andizungulitsa mutu. Mnzanga wandilozera munthu wina ku Lilongwe amene amalemba chaputala 4 ndi 5 cha thesis ukamulipira. Akuti ambiri akudutsira komweko. Ndipite?

Mphunzitsi, Nkhotakota

YANKHO

Aphunzitsi, inuyo mwana wa Fomu 4 akakubweretserani ntchito yolembedwa ndi mkulu wake, zimakutengerani mphindi zingati kuti muzindikire? Oyesa thesis nawonso ndi aphunzitsi. Pepala lanu lidzapita kwa woyesa wa kunja kwa sukulu yanu, ndipo m'mapulogalamu ambiri mudzaimirira pamaso pa gulu kuti muliteteze. Funso lake limakhala lofewa: "Tatiuzani, n'chifukwa chiyani munasankha njira iyi osati inayo?" Amene analemba uja adzakhala ali ku Lilongwe akulembera wina. Mukagwidwa, si kulephera kokha. Ndi mlandu wa chinyengo, ndipo digiri ikhoza kulandidwa ngakhale mutavala kale gauni. Zolembetsa kwa ChatGPT n'kuzipereka ngati zanu zili m'gulu lomweli, ndipo iyo nthawi zina imapeka mabuku amene kulibe.

Kupempha thandizo n'kololedwa. Pezani wodziwa masamuwa akhale nanu pambali, kiyibodi ili m'manja mwanu, deta ili yanu, iye azingokuunikirani. Ngati n'kumulipira, mulipireni ngati mphunzitsi wa pambali, a supavaiza adziwe, ndipo mumuthokoze m'thesis. Kafukufuku wambiri wa zamaphunziro safuna masamu ozama. Tengani mafunso anu a kafukufuku, lililonse palokha, mulembe pambali pake kuti kuliyankha kukufuna kuwerenga anthu, kuyerekeza magulu awiri, kapena kuona ngati zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Mukapita ndi pepala limenelo kwa mphunzitsi mnzanu wa masamu pasukulu panu pomwepo, theka la mantha lithera mu sitafurumu.

FUNSO

Ndaona pa Facebook sukulu ya kunja yopereka digiri yachiwiri pa intaneti m'miyezi 6, popanda kafukufuku, mtengo wake wotsika. Kodi ndi yabwino?

Wofuna kukwezedwa, Dwangwa

YANKHO

Achimwene, musanatumize ngakhale tambala, lemberani a National Council for Higher Education ku Lilongwe, muwapatse dzina la sukuluyo ndi la pulogalamuyo, muwafunse ngati pepala lake adzalivomereze kuno. Ndi iwo amene amaunika mapepala ochokera kunja, ndipo olemba ntchito ambiri, boma lomwe, amafuna kalata yawo. Masukulu enieni ophunzitsa patali alipo, monga UNISA ya ku South Africa, koma kumeneko mumawerenga, mumalemba mayeso, ndipo zimatenga zaka. Ngakhale ku Britain, kumene digiri yachiwiri imafulumira, imatenga chaka chathunthu munthu osagwira ntchito ina. Ya miyezi 6 yopanda thukutayo ine ndikuikayikira kwambiri. Funsaninso a ofesi yoona za antchito kumene mukugwirako, akuyankheni molemba.