Za buku la zithunzi la amayi anu lija, achemwali

Achemwali, ndaona funso lanu loti mukufuna kupangira amayi buku la zithunzi pa tsiku lomwe akukwanitsa zaka 70, kuti zithunzi zina ndi zakale za mu album ya kumudzi, zina abale akutumiza pa WhatsApp kuchokera ku Joni ndi ku UK, nde mumafunsa kuti mupange pa Canva, pulogalamu yopangira madizaini pa intaneti ija, kapena pa chani komanso bukulo likhale lalikulu bwanji. Ine ndapangapo angapo, la ukwati wa mng'ono wanga ndi ena a anzanga, zina ndinaziphunzira nditataya kale ndalama, ndiye ndikuuzeni.

Canva musayitsegule kaye. Pitani kapena imbani foni kwa amene adzapulinte bukulo muwafunse zinthu izi musanaike olo chithunzi chimodzi: makina awo amalandira pepala lalikulu bwanji, amamanga bwanji bukulo, akufuna bleed (kampata kopitirira m'mphepete mwa tsamba komwe amadzadula) yochuluka bwanji, PDF ikhale ya tsamba limodzilimodzi kapena masamba awiri oyandikana pamodzi, ndipo chikuto apanga okha kapena mupange inu. Ine buku langa loyamba ndinakhalira masabata awiri usiku ndikupanga la 30 x 30 cm chifukwa ndinaliona pa intaneti likukongola, kupita nalo kopulintitsa akuti makina athu amathera pa SRA3, lomwe ndi pepala la 32 x 45 cm, masamba awiri a 30 akagundana ndi 60 cm, sangalowe. Ndinayambiranso zonse, ndipo kuchepetsa dizaini yomaliza kale si nkhani yongokoka pakona ayi, mawu amachepa, zithunzi zimasuntha, umangokhala ngati ukupanga latsopano. Nde ngati mukupulintira konkuno pa makina wamba a digito, 20 x 20 cm kapena A4 woyimirira ndi amene savuta, poti masamba awiri a A4 ndi A3 ndipo amalowa mu SRA3 malo a bleed n'kutsalako. Kwa amayi ine ndingasankhe A4 chifukwa nkhope zimaoneka bwino osafuna magalasi.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe ndikufuna muyimvetsetse kuposa zonse, ndi zithunzi za pa WhatsApp zo. WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamatumiza kuti bandulo isathe, chithunzi chomwe foni inajambula chili 4000 x 3000 pixels (timadontho topanga chithunzi) chimafika kwa inu chili ngati 1600 mbali yaitali, nthawi zina kuchepera apo ngati chadutsa m'magulupu angapo. Pa sikirini ya foni simungaone kusiyana, koma papepala eee, nkhope imaoneka ngati yapakidwa phala. Opulinta amafuna 300 dpi, tanthauzo lake timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye kasamu kake kosavuta ndi aka: tengani nambala ya ma pixel mugawe ndi 118, yankho lake ndi masentimita omwe chithunzicho chingatuluke chili chakuthwa. 4000 kugawa ndi 118 ndi pafupifupi 34 cm, chikwana tsamba lonse la A4 bwinobwino. 1600 ndi 13 cm ndi theka basi, ndiye kuti chokhala ngati positikhadi. Chotsitsa pa Facebook sichipitirira 2048, ndi 17 cm imeneyo. Tsamba lathunthu la A4 limafuna 2480 x 3508. Mutha kukokako pang'ono kupitirira apo osaoneka kwenikweni, koma osati kuwirikiza kawiri. Kuti muone nambalazo, pa foni tsegulani chithunzi mupite pa details, pa kompyuta ndi pa properties.

Choncho auzeni abale a ku Joni ndi ku UK atumizenso, koma ulendo uno adine pa kachizindikiro kophatikizira fayilo n'kusankha Document, osati Gallery, kapena aike pa Google Drive akupatseni linki. Ndipo atumize mwini wake amene anajambula, chifukwa amene anangolandira n'kupatsira mnzake ali nacho chowonongeka kale, olo atumize ngati Document sichibwerera mwakale. Ma screenshot akaneni ndithu. Mudzatopa ndi kuwakumbutsa, ena adzakuuzani kuti foni ija inabedwa, chabwino, zoterozo ziikeni zazing'ono zinayi kapena zisanu ndi chimodzi pa tsamba limodzi, zimaonekabe bwino zikakhala zazing'ono.

Zakale za mu album ndiye chuma chenicheni cha bukuli ndipo nthawi yambiri muthere pamenepo. Zisikanidwe pa 600 dpi osati 300, chifukwa kachithunzi ka 10 x 15 cm kakasikanidwa pa 600 mutha kukakulitsa kufika 20 x 30 osawonongeka. Ku ma stationery ambiri amangosikana ngati kalata, pa 150 kapena 200, nde muziima pomwepo muone akusankha chani, ndipo apukute galasi kaye apo bii fumbi lonse lidzatuluka m'buku. Ngati sikana palibe jambulani ndi foni pakhonde masana pamthunzi, flash yozimitsa, foni itayang'ana pansi molunjika osapendekeka, pali ka app ka Google kotchedwa PhotoScan kamathandiza kuchotsa kunyezimira. Chithunzi chomwe chinamatirira ku pulasitiki kapena ku pepala la album musachikakamize kuchimatula, chimang'ambika nkhope n'kutsala uko, jambulani chili pomwepo. Komanso muzitembenuza kumbuyo! Nthawi zambiri kumakhala chidindo cha studio, chaka, kapena mawu olembedwa ndi bolopeni, mwina dzanja la bambo anu kapena la agogo. Ine ndinasikana kumbuyo kwa chithunzi china n'kukuika pambali pa chithunzicho, ndipo tsamba limenelo ndi lomwe anthu anaimapo nthawi yaitali kuposa onse.

Ma app a AI oyeretsa zithunzi zakale aja ine sindiwakhulupirira kwenikweni pa nkhope za anthu. Amalosera maso ndi mano, munthu n'kutuluka wosalala koma osati iyeyo, inu simungazindikire chifukwa agogowo mwina simunawaone, koma amayi adzadziwa kuti awa si mayi anga. Bola chikhale chakale chomwecho, chofiirira, chokhala ndi kamzere kopindika, mungowonjezera kuwala pang'ono.

Za kayalidwe ka masamba. Yambani ndi pepala ndi bolopeni, lembani nkhani ya moyo wawo motsatana, ubwana, sukulu kapena ntchito, ukwati, ana, mpingo, zidzukulu, kenako mugawe masamba. Vuto la tonsefe poyamba ndi kufuna kuthira chithunzi chilichonse, tsamba limodzi zithunzi 12 kuphatikiza maluwa ndi timitima m'makona, zotsatira zake limaoneka ngati chikwangwani cha pa msika. Chithunzi chabwino chipatseni tsamba lake chokha, tsamba loyang'anana nalo muikepo ziwiri kapena zitatu zazing'ono ndi mawu ochepa, malo oyera otsala asakuopseni. Sankhani mayalidwe atatu kapena anayi muzingowabwereza buku lonse, mpata wa pakati pa zithunzi ukhale wofanana paliponse. Kumbuyo kukhale koyera kapena kotuwirako, kwakuda kumaoneka bwino pa sikirini koma papepala kumaonetsa zala ndi timikwingwirima.

Muzikumbukira kuti tsamba 1 limakhala kudzanja lamanja lokha, kenako 2 ndi 3 amayang'anana, 4 ndi 5 chimodzimodzi. Pa Canva masamba amangotsika pansi limodzi limodzi nde n'kosavuta kusokoneza, ukuganiza kuti chithunzi cha ukwati chayang'anana ndi mawu ake pomwe mawuwo ali kuseri. Ngati adzamanga ndi ma stepulo pakati, masamba onse akhale nambala yogawika ndi 4, monga 24, 28, 32, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limapereka masamba anayi.

Bleed ija ndi iyi: makina odulira sadula ndendende pamzere, amatha kuphonya ndi milimita imodzi, ndiye chithunzi chomwe mukufuna chifike m'mphepete mwenimweni muchikokere kunja kwa tsamba ndi 3 mm mbali zonse kuti pasatsale kamzere koyera. Nkhope ndi mawu zikhale mkati pafupifupi sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Mbali ya pakati pomwe bukulo limamangidwa siyani mpata wochulukirapo, 1.5 cm kapena kuposa, chifukwa buku lomata ndi guluu silitseguka lonse, pakatipo pamameza. Chithunzi cha gulu la banja lonse chodutsa masamba awiri, amene waima pakati amadulidwa mphuno, ndipo pa zithunzi zathu amene amakhala pakati ndi mwini phwando, amayiwo. Kupatula ngati opulinta anu amapanga layflat, lija lotseguka lonse ngati thebulo la masamba olimba, lokwera mtengo koma pamenepo ndiye mutha kudutsitsa.

China chomwe palibe pulogalamu ingakuthandizeni: werengani abale. Lembani mndandanda wa azakhali, amalume, apongozi, ana a mbali zonse, muone kuti aliyense waonekako olo kamodzi, chifukwa bukuli lidzazungulira m'manja mwa aliyense tsikulo ndipo amene sadzadziona sadzayankhula pomwepo koma mudzazimva pa maliro chaka chamawa. Za omwe anatisiya, afunseni kaye achikulire ena m'banjamo ngati chithunzi chakutichakuti amayi angakondwe nacho.

Mawu a pansi pa zithunzi akhale dzina, malo, chaka, basi. Saizi ya zilembo isachepere 11 kapena 12, mitundu ya zilembo iwiri yokha buku lonse, zopiringizika zija muzisiyire pachikuto. Ngati mukulemba ŵ wa kadenga monga mu Malaŵi, yang'anani ngati font mwasankhayo ili naye, zambiri zokongoletsa zilibe ndipo pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina pakati pa liwu. Mayina ndi zaka akuwerengereni munthu wamkulu wa m'banjamo musanapulinte, kulakwitsa mfunda wa agogo m'buku losindikizidwa kale kulibe kofufuta.

Pa nkhani ya kuwala, sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'nyumba, ndiye chilichonse chimatuluka chakuderako kuposa momwe mumachionera. Kwa ife a khungu lakuda izi zimavuta kwambiri, chithunzi cha mu tchalitchi kapena mu holo madzulo nkhope imangosanduka mthunzi kutsala mano ndi maso. Tsitsani kuwala kwa sikirini yanu kufika theka mukamakonza, ndipo kwezani shadows, kutanthauza malo amdima okha a chithunzicho, osati brightness yonse, chifukwa ngati amayi ali mu yunifolomu ya Mvano kapena ya Chigwirizano bulauzi woyera uja amapsa n'kusowa mapindiko ake. Mitundu nayo imasintha, sikirini imasakaniza mitundu m'njira yotchedwa RGB pomwe inki njira yake ndi CMYK, buluu wowala ndi girini wa pa zitenje zija amazilala ndithu. Ena opulinta amafuna muwapatse RGB asinthe okha, ena CMYK, nchifukwa ndati afunseni poyamba. Ndipo lipirani masamba awiri kapena atatu oyesera pa pepala lenilenilo, sankhani lakuda kwambiri, la gulu ndi la mawu ambiri, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kubwereza buku lonse.

Pepala la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala) ndi la mu ofesi, zithunzi zimaonekera kuseri, musalole. Pemphani 150 kapena 170 gsm. Gloss, pepala lonyezimira lija, imawalitsa mitundu koma imagwira zala, ndipo buku lodutsa m'manja mwa anthu omwe angomaliza kudya nkhuku mukudziwa kale, ine ndimakonda silk kapena matte, osanyezimira kwambiri aja, chikuto chokha achite laminate.

Pulogalamu yake, Canva ikwanira. Ikani kukula kwa tsamba mu mm kuyambira pachiyambi, yatsani show print bleed, potsitsa sankhani PDF Print osati PDF Standard ndipo chongani crop marks and bleed. Kusankha CMYK kuli ku Canva yolipira. Ingokonzekerani bandulo chifukwa kukweza zithunzi zikuluzikulu 80 kumadya, ndipo pa laputopu ndi bwino kuposa pa foni. Ngati netiweki kwanuko ndi yovuta pali Scribus, yaulere, imagwira popanda intaneti koma imafuna kuleza mtima masiku oyamba. Word ndi PowerPoint zisiyeni, zimakonda kufinya zithunzi mwakachetechete. PDF yomaliza mupite nayo pa flash, muitsegule pa kompyuta yawo muyendere limodzi tsamba ndi tsamba.

Simunanene kuti phwandolo ndi liti, koma opulinta apatseni masabata awiri osachepera, kumanga chikuto cholimba kumafuna nthawi youma ndipo magetsi mukuwadziwa. Chithunzi chomwe mukufuna pachikuto nditumizireni ku inbox ngati Document ndikuuzeni ngati chikwana A4.