Mustang GT m'chisanu cha ku Montreal: muitsekere m'galaja kapena muziyendabe nayo?

Kalata yandipeza kuchokera kwa achimwene ena omwe akukhala ku Montreal, m'dziko la Canada. Akuti chilimwe chapitachi anagula Ford Mustang GT ya 2019, ya injini ya V8 ya malita 5.0, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Anzawo a kuntchito akuwauza kuti ikangofika Novembala aifunditse nsalu, agule kagalimoto kena kakale kodutsira chisanu. "Ndalama ya galimoto yachiwiri ndilibe," akutero. "Kodi nditaika matayala a chisanu ndingayende nayo mpaka Malichi, kapena ndikudziputira ngozi?"

Achimwene, mungayende nayo. Anzanuwo sakunama kuti pali chiopsezo, koma akuloza pamalo polakwika. Akuopa mphamvu ya mahatchi 460 yomwe ili m'injinimo, pamene choopsa kwambiri ndi mphira womwe galimotoyo yavala panopa.

Ngati yanu ili ndi Performance Pack, zida zowonjezera za okonda liwiro zija, inachoka ku fakitale itavala Michelin Pilot Sport 4S, tayala lopangidwira phula lotentha. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7, mphira wake umayamba kuuma, sugwiranso msewu ngakhale utakhala wouma gwa. Ku Montreal kwanuko, usiku wa mu Januwale kuzizira kumafika cha m'ma -14 osadabwitsa aliyense. Kampani ya General Motors inachita kuchenjeza eni galimoto zake zothamanga za Corvette ndi Camaro kuti matayala a chilimwe amatha kung'aluka akayendetsedwa pozizira kuposa -7. Choncho si nkhani yoterera yokha, mukhoza kuwononganso matayala odula amenewo.

Komanso boma la chigawo cha Quebec, komwe kuli Montreal, linakusankhirani kale. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi, galimoto yolembetsedwa kumeneko iyenera kuvala matayala a chisanu, apo ayi chindapusa chake ndi madola 200 mpaka 300. Chizindikiro chomwe apolisi amayang'ana chili m'mbali mwa tayala: kaphiri ka nsonga zitatu kokhala ndi kanyenyezi ka chipale mkati. Malembo a M+S (matope ndi chipale) paokha sakwanira, ogulitsa asakunamizeni. Ine ndikanati musadikire Disembala. Mukangoona kuti m'mawa uliwonse kukucha pansi pa madigiri 7, kasinthitseni, chifukwa kumapeto kwa Novembala magalaja amadzaza ndi anthu okumbukira mochedwa.

Tsono mugule ati? Apa ndi pomwe eni galimoto zothamanga amasochera. Pali magulu awiri. Loyamba ndi la matayala ngati Michelin Pilot Alpin ndi Pirelli Sottozero, omwe amasunga ukali wa chiwongolero pa phula lozizira ndipo amapirira liwiro lalikulu. Amenewa anapangidwa poganizira misewu ya ku Germany ndi Austria, yomwe amaikolopa msanga. Lachiwiri ndi la Nokian Hakkapeliitta, Bridgestone Blizzak WS ndi Michelin X-Ice, a mphira wofewa kwambiri, odzaza ndi timizere tating'ono tomwe timaluma ayezi. Mukavala amenewa Mustang imamveka ngati yaledzera pang'ono pokhota, chiwongolero chimachedwa kuyankha. Komabe kwa mzinda womwe umalandira chipale pafupifupi mamita 2 pachaka, ndi mvula ija imaundana ikangofika pansi, ine ndingatenge gulu lachiwirili mosaganiza kawiri. Liwiro la makilomita 240 pa ola mukalithamanga kuti mu Febuluwale? Okhala ndi timisomali amaloledwanso ku Quebec kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 1 Meyi, kungoti amasokosa, ndipo malo ena oimikako galimoto a pansi pa nyumba amawakana.

Gulani anayi, ofanana onse. Kuika awiri kumbuyo kokha ndiye kuti galimoto izinyamuka bwino koma osakhota kapena kuima. Musatsatirenso kukula kwa matayala a chilimwe aja, 255 kutsogolo ndi 275 kumbuyo. Tayala lotambalala limayandama pamwamba pa chipale, locheperako limakumba n'kupeza pogwira. Ndi bwino kuwagulira marimu awoawo otchipa, koma muyese kaye limodzi kutsogolo musanalipire, chifukwa mabuleki a Brembo, omwe amabwera ndi Performance Pack, ndi aakulu ndipo marimu ambiri a mainchesi 18 amakhula. Ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito, werengani manambala anayi omaliza pa malembo oyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, omwe amanena nthawi yomwe linapangidwa: 3521 ndiye kuti sabata ya 35 ya chaka cha 2021. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere ikadalipo.

Matayala akatheka, chotsala ndi phazi lanu lamanja. Ngati munayendetsapo pikapu yopanda katundu m'makande a ku Chigwa cha Shire mvula itagwa, mukudziwa kale mmene kumbuyo kumathawira mukaponda moto mwaukali. Pa ayezi ndi chimodzimodzi, kungoti sipaoneka ndi maso. Sankhani Snow/Wet pa batani la kayendedwe, ngati yanu ili nalo, kuti injini isamalumphe mukangoigusa. Ngati ndi ya giya ya pamanja, nyamukani ndi giya yachiwiri. Musaponde moto muli pakati pokhota, dikirani chiwongolero chiwongoke. Traction control, yomwe imaletsa matayala kupalasa, isiyeni yoyaka nthawi zonse, kupatula pamene mwatitimira ndipo mukufuna matayala apalase pang'ono kuti mutuluke. Chipale choyamba chikagwa, pitani pabwalo lalikulu lopanda galimoto, muyende pang'onopang'ono n'kuponda buleki mpaka pansi. Phazi lidzamva kunjenjemera kwa ABS, yomwe imaletsa matayala kukhwekhwereka mukaponda buleki mwamphamvu. Ndi bwino mukumve kumeneko koyamba, osati pa msewu waukulu wa Décarie lole ili patsogolo.

Pali chimodzi chomwe tayala lililonse silingakonze: galimoto yanuyi ndi yaifupi, mimba ili pafupi ndi pansi. Chipale chikakwera kufika pa bampala, Mustang imasanduka khasu, kenako imakhala pamimba matayala ali m'malere. Choipa kwambiri ndi mulu uja amausiya okolopa msewu pakhomo panu, womwe umaundana usiku n'kukhala ngati mwala. Umenewo umathyola pulasitiki ya pansi pa bampala kamodzi n'kamodzi. Fosholo izikhala m'buti. Masiku a chimphepo chachikulu, omwe si ambiri, isiyeni, mukwere Metro, sitima ya pansi pa nthaka.

Mchere womwe amathira m'misewu ndiye mdani wachete. Kapopetseni mankhwala oteteza dzimbiri chisanu chisanayambe, ndipo muzitsukitsa kunsi kwake kawirikawiri, makamaka kukafundako pang'ono. Mpweya wa m'matayala nawo umatsika kukamazizira, muziupima m'mawa musanayende. Matayala a chilimwe aja muwasunge m'nyumba motentherako, osati pakhonde, ndipo musawabwezere pa 16 Malichi chifukwa choti lamulo lalola. Ku Montreal chipale chimagwa ngakhale mu Epulo.