Musayambire pa pulogalamu, aphunzitsi

Aphunzitsi ena a sekondale ya masana kufupi ndi Bangula andilembera imelo. Akuti asonkhanitsa manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MSCE ambirimbiri, ndiye akufunsa pulogalamu yabwino yoikamo zonsezi kuti ana a Folomu 4 aziphunzira pafoni.

Aphunzitsi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa ndinaona ndi maso anga zomwe mulu wa mafayilo umamuchita mwana.

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ine ndinkaphunzitsa Biology ku East Bank. Tinatsegula gulu la WhatsApp, aliyense n'kumaponyamo chomwe ali nacho: mabuku athunthu, zithunzi za pabolodi zosawerengeka, mauthenga a maliro, mapemphero a m'mawa. Panali mtsikana wina wanzeru zedi amene foni yomwe ankagwiritsa ntchito inali ya amalume ake, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo ankabwera nayo kumapeto kwa sabata kokha. Tsiku lina mwanayu anagula bandulo ndi ndalama yogulitsa masawu, nadawuniloda fayilo yaikulu yopanda dzina lomveka. Atatsegula anapeza kuti ndi Geography, phunziro lomwe sankatenga n'komwe. Bandulo inathera pomwepo. Anandifotokozera misozi ili m'maso, ndipo mpaka lero ndikamva wina akudzitama kuti "tawatumizira zonse", mtima umandiwawa.

Kutumiza si kuphunzitsa ayi. Ndikunena izi mosapsatira. Amene waunjika mafayilo wamusiyira mwana ntchito yomwe inali ya mphunzitsi: kusankha choyamba, chotsatira, ndi chosafunika. M'kalasi timadziwa bwino zimenezi, paja sitilowa popanda sikimu ndi lesoni pulani. Nanga bwanji tikafika pafoni timazitaya?

Ndipo zimandipweteka kuona alendo akubwera ndi matabuleti odzaza mavidiyo aatali, okonzedwa ndi anthu amene sanakhalepo kuno mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, foni n'kumazima yokha. Sadziwa kuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta miyezi yambiri, kutchaja foni kunali kolipira pa tiledingi. Sadziwanso kuti ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo mawu a mphunzitsi wawo wojambulidwa kwa mphindi zitatu, akufotokoza osmosis m'chinenero chomwe amalota nacho, amaposa vidiyo ya Chingelezi cha kutali. Wailesi inatiphunzitsa kale zimenezi. Pulogalamu ya Tikwere inkayenda chifukwa inkafunsa funso, n'kudikira kuti ana ayankhe.

Za kasungidwe ndiye musandiyambe. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, sukulu zambiri za ku Nsanje ndi Chikwawa zinasanduka misasa, ndipo mnzanga wina anataya masikimu a zaka zambiri, ena ndi madzi, ena ndi laputopu yomwe inanyowa. Zinthu zosungidwa malo amodzi kuno kuchigwa ndi zobwereka kwa Shire ndi Ruo.

Nanga mupange bwanji?

Tengani mutu umodzi wa musilabasi. Lembani chomwe mwana azitha kuchita akamaliza, mwachitsanzo kujambula mtima ndi kutchula zigawo zake. Mupatseni tsamba limodzi, mawu ojambulidwa aafupi, ndi mafunso atatu ochokera m'mapepala a MANEB oti ayankhe m'kope n'kukutumizirani chithunzi. Muyankheni sabata isanathe, apo ayi adzaleka.

Fayilo iliyonse ikhale ndi dzina la mtundu umodzi: phunziro, folomu, mutu, chaka, ndi kukula kwake, kuti mwana adziwe asanawononge bandulo. Gulu lotumizira maphunziro likhale loti amalemba ndi aphunzitsi okha, macheza akhale kwina. Sungani pa Google Drive, pa fulashi, ndi papepala kwa munthu wokhala kumtunda, ndipo pakhale mphunzitsi mmodzi wochotsa zakale ndi zobwerezedwa temu iliyonse.

Pulogalamu zilipo. Moodle ndi yaulere koma imafuna seva (kompyuta yosungira maphunzirowo kuti ana aziwapeza pafoni) ndi woisamalira. Kolibri imagwira ntchito popanda intaneti, ndiye ingakuyenereni ngati sukulu ili ndi kompyuta ndi sola. Koma temu ino yambani ndi WhatsApp yomweyo ndi mutu umodzi, ndipo mundilembere kuti ndi ana angati anabweza mayankho.