Mafunso ndi Mayankho: Makompyuta Akale Adzaza Chipinda, Tigulitse Kapena Titaye?

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo onse akukamba za zipangizo za kompyuta zimene zatha ntchito koma eni ake akulephera kusiyana nazo. Amisiri athu okonza makompyuta ayankha motere.

Funso: Ndili ndi shopu yotayipa ndi kufotokopa pa boma pano. Kunyumba ndaunjika makompyuta apatebulo 7, mamonita akale aja a chimsana 3, mapulinta awiri, ma UPS (mabokosi osunga magetsi akathima) atatu ndi katoni yodzaza mawaya. Chipindacho tikuchifuna. Ndiyambire pati? (Bambo a bizinesi, Mangochi boma)

Yankho: Bambo, yambani sabata ino, chifukwa katundu ameneyu kuno kunyanja sasungika. Chinyezi chimadya timapini ta mkuwa mpaka tisanduke tobiriwira, kutentha kwa Okutobala kumapha mabatire, mphemvu zimaswana m'kati mwa power supply (bokosi logawa magetsi m'kompyuta), ndiye makoswe nawo amatafuna mawaya. Kompyuta imene munaiika pakona ikugwira ntchito zaka zitatu zapitazo, lero mwina siyakanso.

Tulutsani zonse pakhonde tsiku lopanda mvula. Kompyuta iliyonse muimate kapepala kolemba nambala, kuyambira 1 mpaka 7, ndipo mukhale ndi kope lolembamo zimene mwapeza. Musanalumikize ku magetsi, tsegulani chivundikiro cham'mbali, mupemerere fumbi ndi blower kapena mulichotse ndi burashi youma yopentera. Fani muigwire ndi chala popemerera kuti isazungulire mopyola muyezo. Kenako yang'anani motherboard, bolodi yaikulu ya m'katimo, ndi tochi. Pali timigolo ting'onoting'ono toimirira totchedwa ma capacitor: pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Mukaona tatupa kapena tatulutsa zinthu zofiirira ngati dzimbiri, bolodi imeneyo yatopa, ndipo vuto limeneli ndi lofala kwambiri pa makompyuta a nthawi ya Pentium 4.

Yesani imodziimodzi pogwiritsa ntchito monita, kiyibodi ndi chingwe cha magetsi zimene mukudziwa kuti ndi zabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri amataya kompyuta yamoyo chifukwa cha zinthu ziwiri zotchipa. Choyamba ndi RAM, timabolodi tating'ono ta memory tolowetsedwa pa motherboard. Kompyuta ikayaka, fani n'kumazungulira koma monita ili bii, kapena ikamalira kuti pii pii pii, zulani RAM, mupukute mano ake agolide aja ndi labala ya pensulo, muibwezere mpaka timaloko tam'mbali timveke kuti thapu. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi payokha. Chachiwiri ndi kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo ka CR2032. Kamakhala ka 3V, ndipo kakatha kompyuta imaiwala deti n'kumaima poyaka kukupemphani kudina F1.

Imene ili zii osayaka n'komwe, kawirikawiri wafa ndi power supply, makamaka kuno kumene magetsi amathimathima n'kubwera mwamphamvu. Izuleni ku zipangizo zonse, ndipo pa pulagi yaikulu ya mapini 24 mulumikize waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala. Mukayatsa, fani izungulire. Pa multimeter, chida choyezera magetsi, waya wachikasu uwerenge pakati pa 11.4V ndi 12.6V, wofiira pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Makompyuta ena a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo osiyana ndi awa, amenewo musawayese motere. Bokosi la power supply lenilenilo musalitsegule, limasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma.

Mukatha apa mukhala ndi milu itatu: zoyaka, zakufa koma zokhala ndi ziwalo zabwino, ndi zotheratu. Malangizo athu ndi oti pa makompyuta 7 amenewo mupange awiri kapena atatu amphamvu pophatikiza RAM ndi ma hard disk abwino. Awiri oyenda bwino adzakupatsani ndalama zoposa 7 otsimphina. Pophatikizapo samalani mtundu wa RAM: DDR2 ndi DDR3 zonse zili ndi mano 240 koma kampata kake kali posiyana, DDR4 ili ndi 288. Ikakana kulowa musaikakamize, muthyola soketi.

Katoni ya mawaya ija, sungani zingwe za magetsi ziwiri, VGA imodzi, HDMI imodzi ndi chingwe cha pulinta. Zotsalazo zipite.

Funso: M'makompyuta amene ndikufuna kugulitsa muli makalata a makasitomala, ma CV, zithunzi za zitupa ndi za banja langa. Ndikadilita basi sizikwanira? (Mayi otayipa, Mpondasi)

Yankho: Sizikwanira, mayi, ndipo funso lanu ndi lofunika kuposa onse amene talandira. Kudilita, ngakhale kupanga Quick Format, kumangofufuta dzina la fayilo pa mndandanda, fayiloyo imatsala momwemo. Mnyamata aliyense wodziwa pulogalamu yobwezeretsa mafayilo atha kutulutsa zitupa za makasitomala anu madzulo amodzi, ndipo chitupa cha munthu chikagwa m'manja mwa akamberembere amalembetsera nacho SIM kapena kutengera ngongole.

Poyamba koperani zimene mukuzifuna, muziike malo awiri osiyana. Ngati kompyutayo ndi yakufa, zulani hard disk muilumikize ku laputopu ndi adaputa ya USB. Yang'anani kaye kumbuyo kwake: ya SATA ili ndi timapulagi tiwiri tafulati, ya IDE yakale ili ndi mapini 40 m'mizere iwiri, ndipo adaputa zake ndi zosiyana. Disiki yaikulu ya mainchi 3.5 imafuna magetsi akeake a 12V, yaing'ono ya laputopu ya mainchi 2.5 imakhuta ndi a USB.

Kufufuta kwenikweni n'kulemba maziro pa disiki yonse. Kuyambira pa Windows Vista kupita mtsogolo, mukapanga Format mutachotsa kachizindikiro ka Quick Format, Windows imachita zimenezi yokha. Disiki ya 500GB pa USB 2.0 imatenga maola anayi kapena asanu, choncho sankhani nthawi imene magetsi sakonda kuthima. Akathima pakati, yambiraninso. Ngati kompyuta ikuyaka ndipo ili ndi Windows 10, pitani pa Reset this PC, musankhe Remove everything, kenako muyatse Clean data. SSD, disiki ya machipu yopanda mbale zozungulira, imafufutidwa ndi Secure Erase, imene imapezeka mu BIOS (menyu yolowamo kompyuta ikangoyaka) ya makompyuta ena kapena m'pulogalamu ya kampani yopanga SSD-yo.

Disiki imene ikulira kuti kwe kwe kwe, kapena yosaoneka n'komwe, simungaifufute, ndiye iphedwe. Ya mainchi 3.5 muiboole ndi drill mabowo atatu kapena anayi pamene pali mbale zozungulira, kapena mukhomepo msomali wa mainchi 6 mpaka utulukire kuseri. Zambiri za laputopu mbale zake ndi zagalasi: ikulungeni m'kansalu, muimenye ndi hamala mpaka mukaigwedeza izimveka ngati muli mchenga. Tetezani maso. SSD muitsegule, muswe kachipu kakuda kalikonse pakokha, chifukwa bowo limodzi litha kuphonya tonse. Kuiviika m'madzi kapena kuidutsitsa pa maginito a sipika sikufufuta kanthu.

Funso: Ndani angagule zinthu zimenezi kuno, ndipo mtengo ndiudziwa bwanji? (Mnyamata wokonza mafoni, Makawa)

Yankho: Achimwene, mtengo uli pa purosesa. Dinani kumanja pa This PC, musankhe Properties, muwerenge. Pa Core i3, i5 ndi i7, ngati pambuyo pa kamzere pali manambala anayi, yoyambayo ndiyo m'badwo wake: i5-3470 ndi ya m'badwo wachitatu, i5-6500 wa chi 6, i5-8500 wa chi 8. Windows 11 imafuna m'badwo wa chi 8 kupita mtsogolo pamodzi ndi kachipu ka chitetezo ka TPM 2.0, pomwe Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ogula ozindikira akudziwa zimenezi, ndiye zotsika pa m'badwo wa chi 8 mtengo wake ukugwa. Koma sizinathe ntchito ayi. Ya m'badwo wachitatu kapena wachinayi yokhala ndi RAM ya 8GB ndi SSD ya 128GB imatayipa, kupulinta ndi kuika nyimbo m'mafoni popanda chovuta, ndipo Linux Mint imayendapo bwino. Pentium 4 ndi Core 2 Duo musadzivute nazo, muzigulitse ngati ziwalo kapena sikirapu.

Ogula a pafupi ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'misika ya Makawa, Namwera ndi Monkey Bay, eni mashopu otayipa, ana asukulu ndi amisiri anzanu. Kuti mudziwe mtengo, fufuzani chinthu chofanana nacho pa Facebook Marketplace ndi m'magulu a WhatsApp ogulitsirana katundu, muone mitengo isanu, mutenge wapakati, mutsitseko pang'ono poti mukufuna chichoke. Polengeza lembani purosesa, RAM, kukula kwa disiki ndi vuto lililonse, mujambule chinthucho chili choyaka. Disiki muiyeze ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo: ikalemba Good gulitsani, ikalemba Caution muuzeni wogula kapena muiphe. Mangochi ndi yaing'ono, mukabisa vuto mudzakumana naye pamsika.

Zoyenda msanga ndi zing'onozing'ono: RAM, ma SSD, masikirini a laputopu ndi machaja enieni a HP, Dell ndi Lenovo. Pa chaja werengani mavoti, za HP ndi Dell zambiri ndi 19.5V, za Lenovo 20V. Izi mutha kutumiza ku Blantyre m'kaphukusi, koma bokosi lolemera la desktop kuliyendetsa makilomita pafupifupi 190 thiransipoti idya phindu lonse. Pulinta ya laser ngati HP LaserJet 1020 kapena P1102 ikadali ndi msika poti tona yake ya 12A ndi 85A imapezeka. Ikamalephera kukoka pepala, pukutani kalabala kokokera ndi kansalu konyowa pang'ono. Ya inki imene yakhala chaka osapulinta mutu wake umakhala utauma, ndipo nthawi zambiri kuikonza kumadula kuposa mtengo wake.

Polandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga wongoonetsedwa pa foni ya wogula kapena SMS yokha. Yang'anani balansi yanu nokha katundu asanachoke m'manja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa a sikirapu musapereke kompyuta yathunthu. Patulani chitsulo cha bokosi, chimene maginito amamata, aluminiyamu wa heatsink (choziziritsira purosesa), mkuwa, ndi mabolodi paokha, chifukwa chilichonse chili ndi mtengo wake pa kilogalamu. Yezani pa sikelo yanu musanapite.

Funso: Zotsala zosagulika ndimafuna ndiotche kudzala, mawaya ndichotsemo mkuwa, magalasi a mamonita ndiponye m'chimbudzi chakale. Pali vuto? (Bambo a ku Malindi)

Yankho: Lilipo lalikulu, bambo, chonde musatero. Chikopa cha mawaya ambiri ndi PVC, ndipo ikapsa imatulutsa utsi wa asidi wowotcha mapapo komanso poizoni wotchedwa dioxin amene amatsalira m'phulusa ndi m'dothi momwe nkhuku zimapalasa ndi ana amasewera. Mkuwa wowotcha umagulidwanso motsika poyerekeza ndi wonyezimira. Waya muukhomere pa thabwa, muung'ambe chikopa m'litali ndi mpeni, musende ngati nzimbe. Timawaya topyapyala mugulitse ndi chikopa chomwe.

Monita ya chimsana ndi yoopsa pawiri. Galasi lake lili ndi mtovu woposa kilogalamu imodzi, ndipo m'kati mwa chubu mulibe mpweya, choncho likasweka limaphulika n'kumwaza magalasi. Imagwiranso ntchito ndi magetsi a mavoti pafupifupi 25,000, ena amatsalira ngakhale itazima. Mamonita afulati akale, amene salembedwa LED, ali ndi timachubu towunikira ta mercury m'mphepete mwa sikirini. Kwanu ku Malindi, monga m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, dothi ndi lamchenga ndipo madzi ali pafupi. Cholowa m'dzenje la chimbudzi chimatsikira kuchitsime, china mvula imakokolera kunyanja kumene timapha chambo ndi usipa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa.

Monita yoyaka ipatseni woifuna. Yakufa isungeni yathunthu pouma, nkhope yake itagona pa katoni, ndipo mufunse ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya Mangochi kapena ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA za ovomerezeka kutolera zinyalala zotere.

Ma UPS musafulumire kutaya. Nthawi zambiri chafa ndi batire yokha ya 12V 7Ah, imene imakhala zaka zitatu mpaka zisanu, koma kuno kotentha siifika pamenepo. Mukaichaja usiku wonse iwerenge 12.6V kapena kupitirira. Lumikizaniko babu la galimoto la 21W. Ikagwa pansi pa 11V m'mphindi zochepa, yatha. Ikani yatsopano, UPS mugulitse. Yakufayo ili ndi mtovu ndi asidi, muipereke kwa ogula mabatire akale osaiswa.

Funso: Kusukulu kwathu kuli makompyuta 12 amene tinalandira kalekale, onse akufa. Tingagulitse kuti tigulire choko? (Aphunzitsi, Namwera)

Yankho: Aphunzitsi, ngati sukuluyo ndi ya boma, katunduyo ndi wa boma, ndipo kugulitsa kapena kutaya kwake kumatsata malamulo amene bungwe loona za kugula ndi kutaya katundu wa boma la PPDA limayang'anira. Lembani mndandanda wa dzina, serial number ndi vuto la chilichonse, komiti ya sukulu isayine, mutumize ku ofesi ya maphunziro ya boma kuti ikuuzeni chochita. Podikira yankho itanani mmisiri awayese monga tafotokozera pa funso loyamba. Pa 12 sipalephera kudzuka angapo.

Funso: Laputopu yanga yakale yatupa, mpaka pamene timayendetsa chala patukuka. Ndiboole batire kuti mpweya utuluke? (Wophunzira, Monkey Bay)

Yankho: Ayi, musaboole, musaipinde, musaichajenso. Batire ya lithium yotupa ikabooledwa imayaka yokha, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Zimitsani laputopu, muichotse pa matiresi ndi padzuwa. Mmisiri amasule masikuluwu ndi kuzula batireyo ndi chida cha pulasitiki, osati chachitsulo. Pa mapini ake amatepo tepi yamagetsi, kenako muiike m'chitini chokhala ndi mchenga wouma, panja pamthunzi, kutali ndi denga la udzu ndi mbaula, kufikira mutaipereka kwa otolera mabatire. Malaputopu ambiri amayakabe pa chaja popanda batire, ndiye mutha kuigulitsa choncho, bola mumuuze wogula ndipo disiki mwayamba mwaifufuta.